Kutalikitsa mwendo: fupa silifuna phuma

M'makomboni a mu Lusaka simusowa mwana woyenda motsimphina cifukwa cakuti mwendo wake umodzi ndi waufupi kuposa unzake. Ena amayenda monyang'ama ndi zala za phazi limodzi, ena makolo anawaikitsira mphira wokhuthala kunsi kwa nsapato kwa osoka nsapato a pamsika. Kale anthu anali kungoti ndi mmene mwanayo anabadwira, palibe cocita. Masiku ano madotolo a mafupa amatha kutalikitsa mwendo wotere mpaka kulingana ndi unzake.

Koma opaleshoni ndi ciyambi cabe. Iyo imatha m'maola owerengeka, pamene kucira kumatenga miyezi, ndipo mbali yaikulu ya nchitoyi imacitikira kunyumba, m'manja mwa amai, atate, agogo kapena azakhali amene akusunga wodwalayo. Funso limene banja lililonse limafunsa potuluka m'cipatala ndi lakuti: kodi pali cimene cingafulumizitse fupa kulimba? Yankho ndi lakuti fupa lili ndi liwiro lake limene mankhwala a m'botolo sangalisinthe. Koma zinthu zimene zimalicedwetsa n'zambiri, ndipo zimenezo ndizo banja lingathe kupewa.

Cimafupikitsa mwendo n'ciani?

Mwendo wa mwana umakulira kumapeto kwa mafupa, pafupi ndi bondo, ciuno ndi akakolo. Malo amenewa akaonongeka, mwendowo umatsalira m'mbuyo pamene unzake ukupitiriza kukula. Zimene zimaononga kawiri-kawiri ndi matenda a mafinya a m'fupa amene sanacizidwe msanga, kuthyoka pamalo okulira, ndi matenda a poliyo kwa amene anadwala kale. Ana ena amabadwa nalo vutoli. Akulu-akulu amalipeza pambuyo pa ngozi za pamseu, fupa likaphwanyika kwambiri kotero kuti madotolo acotsako zidutswa zina.

Si kusiyana kulikonse kumene kumafuna opaleshoni. Ngati miyendo yasiyana ndi masentimita osakwana 2, kukweza nsapato kumakwanira. Pakati pa masentimita 2 ndi 5, mwana amene akali kukula angathandizidwe ndi opaleshoni yaing'ono yocepetsa kukula kwa mwendo wautaliwo kuti waufupi uupeze. Kutalikitsa kumaganiziridwa maka-maka pamene kusiyana kwafika masentimita 5 kapena kuposerapo. Kumaiko ena, monga Turkey, India ndi America, kuli anthu abwino-bwino amene amalipira ndalama zambiri kuti awatalikitse miyendo yonse iwiri pofuna msinkhu cabe. Ululu wake ndi zoopsa zake n'zimodzi-modzi, ndipo palibe munthu amene ayenera kuiona ngati nkhani yamasewera.

Njira inacokera ku Siberia

Dotolo wa ku Italy, Alessandro Codivilla, analemba za kutalikitsa mwendo mu 1905, koma odwala a nthawi imeneyo anali kuvutika kwambiri cifukwa fupa linali kukokedwa mwamphamvu nthawi imodzi. Amene anapeza njira yodalirika ndi Gavriil Ilizarov, dotolo wa mu mzinda wa Kurgan ku Siberia, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. Iye anaona kuti fupa likadulidwa mosamala ndi kukokedwa pang'ono-pang'ono, thupi limadzaza mpatawo ndi fupa latsopano.

Kwa zaka zambiri anthu sanali kum'khulupirira. Mbiri yake inamveka mu 1968 pamene anaciza Valery Brumel, katswiri wolumpha m'mwamba amene anapata mendulo ya golide pa maseŵera a Olympics ku Tokyo mu 1964. Brumel anaphwanyika mwendo pa ngozi ya njinga yamoto mu 1965, ndipo maopaleshoni ambiri analephera kum'thandiza. Atacoka ku Kurgan anayambanso kulumpha. Mu 1980 Ilizarov anacizanso Carlo Mauri wa ku Italy, ndipo caka cotsatira anaitanidwa kukaphunzitsa madotolo a m'dzikolo. Kucokera pamenepo njirayi inafalikira dziko lonse lapansi. Ilizarov anamwalira mu 1992.

Cipangizo cake ndi mikombero ya citsulo imene imazinga mwendo, yolumikizidwa ndi mabauti atali-atali. Mawaya oonda ngati masipoko a njinga amapyola m'khungu ndi m'fupa n'kumangidwa ku mikomberoyo. Dotolo amadula fupa pakati pa mikombero, ndipo manati akamazunguzidwa ndi sipanala, mikombero imatalikirana ndi kukoka fupalo. Palinso citsulo ca mtundu wina cimene cimakhala mbali imodzi ya mwendo, ndi msomali wamakono woikidwa mkati mwa fupa umene umatalika ndi mphamvu ya maginito. Msomaliwu ndi wokwera mtengo kwambiri. Pa zonsezi, fupa limakula mofanana.

Kuwerenga masiku

Kucira kuli ndi magawo atatu. Loyamba ndi kudikira masiku 5 mpaka 10 pambuyo pa opaleshoni, popanda kukoka, kuti thupi liyambe kumanga pamalo odulidwawo. Laciwiri ndi kukoka: milimita imodzi patsiku, kawiri-kawiri yogawidwa kanayi. Lacitatu ndi kulimba, pamene kukoka kwatha koma citsulo cikali pamwendo cifukwa fupa latsopano ndi lanthete ngati nzimbe yosakhwima. Gawo limeneli limatenga nthawi yowirikiza kawiri ya kukoka, nthawi zina kuposerapo.

Mwacitsanzo, mwana wa zaka 12 wa ku Kabwata amene mwendo wake ndi waufupi ndi masentimita 5 akacitidwa opaleshoni kuciyambi kwa January, adzadikira sabata imodzi, kenaka adzakoka masiku 50 mpaka kuciyambi kwa March. Panthawiyo miyendo idzaoneka yolingana, ndipo acibale obwera kudzazonda adzayamba kufunsa cifukwa cake citsulo sicikucoka. Koma patsala masiku ena ngati 100, kutanthauza kuti citsulo cidzacoka ca m'ma June ngati zonse zayenda bwino. Madotolo amawerengera mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono pa sentimita iliyonse kwa mwana. Munthu wamkulu amatenga nthawi yaitali kuposa pamenepa, ndipo fupa la msongolo limacedwa kulimba kuposa la nchafu.

Banja lidziwe masiku amenewa opaleshoni isanacitike, cifukwa akhudza sukulu, nchito ya womusamalira ndi thumba la panyumba. Akulu anati walira mvula walira matope.

Sipanala si yoseweretsa

Colakwa coyamba cimene cimabwera cifukwa ca phuma ndi kuonjezera mazunguliro a nati kuti nchito ithe msanga. Fupa likakokedwa mofulumira, thupi limalephera kudzaza mpata, ndipo pamatsala fupa loonda kapena pamakhala popanda fupa n'komwe. Mitsempha ndi minofu nazonso zimavulala, phazi n'kucita dzanzi kapena kufooka. Cotulukapo cake ndi miyezi yoonjezera, mwinanso opaleshoni ina.

Kulumpha masiku nakonso n'koopsa. Mwana akalira ndi ululu, agogo acifundo angati lero apumuleko. Masiku angapo otere akadutsa, fupa limagwirana nthawi isanakwane, ndipo dotolo amayenera kulidulanso. Ngati ululu wakula, cocita ndi kuuza acipatala, amene angacepetse liwiro iwo eni ataona X-ray.

Njira yabwino ndi kusankha munthu mmodzi wamkulu woyang'anira sipanala, ndi wina wom'thandiza akacokapo. Pakhale buku la sukulu lolembamo tsiku ndi nthawi ya kuzunguza kulikonse, monga m'mawa, masana, madzulo ndi pogona. Bukulo lizipita kucipatala tsiku lililonse lokaonana ndi dotolo. Panthawi yokoka, X-ray imajambulidwa pafupi-pafupi, kawiri-kawiri pakapita masabata awiri, ndipo panthawi yolimba kamodzi pamwezi. Tsiku la X-ray si lolumpha, cifukwa maso a munthu sangaone zimene zikucitika mkati.

Tizilonda ta mawaya

Paliponse pamene waya walowa m'khungu ndi khomo la tizilombo. Kutukusira kwa malo amenewa ndilo vuto limene odwala ambiri amakumana nalo. Likagwidwa msanga limatha ndi mapilisi, koma likalekereredwa mafinya amatsika mpaka kufupa, waya n'kukhwefuka.

Wotsuka asambe m'manja ndi sopo, ndipo atsatire njira imene anamwino anam'phunzitsa. Kawiri-kawiri amagwiritsa nchito mankhwala otsukira ocokera kucipatala kapena madzi owiritsa ndi kuziziritsa othira mcere pang'ono. Waya uliwonse ukhale ndi kathonje kake, kuopa kutenga tizilombo pa cilonda cina kupita nato pa cinzake. Mafuta odzola, phulusa, mankhwala otsukira mano, masamba osinja ndi mphini zisayandikire mwendowo.

Nyengo ya Lusaka ili ndi mayesero ake. Kuyambira August mpaka October kuli fumbi ndi nchenche, ndipo citenje coyera cophimba citsulo potuluka panja cimathandiza. M'dzinja muli matope ndi madzi oima m'tinjira ta m'komboni, ndipo wodwala asapondemo. Telala wa pamsika angang'ambe buluku kapena yunifomu m'mbali ndi kuikamo mabatani kuti zovala zisakoke mawaya.

Kuyenda ndiko kumalimbitsa fupa

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wa citsulo ayenera kugona mpaka atacira. Zimenezi n'zosiyana ndi zimene fupa limafuna. Fupa limalimba likamasenza katundu, ndipo cipangizo ca mikombero cinapangidwa kuti munthu aziponda naco pansi. Kuyenda tsiku lililonse ndi ndodo za kucipatala, pamlingo umene dotolo walola, ndi cinthu cimodzi cimene cimathandizadi fupa latsopano kukhwima. Amene anaikidwa msomali wa mkati amaletsedwa kuponda ndi thupi lonse kwa nthawi yaitali, motero aliyense atsatire lamulo la cipangizo cake.

Fupa likamatalika, minofu imatsalira ndi kukungika. Amene akutalikitsidwa msongolo amayamba kuloza phazi pansi ngati wonyang'ama, ndipo wa nchafu bondo lake limauma. Ici ndico cifukwa cake a fiziyo amaphunzitsa maseŵera ofunyulula bondo ndi akakolo, ocita kangapo patsiku kunyumba. Maseŵerawa amawawa ndipo ana amawakana, koma mwendo wautali wokhala ndi bondo louma suyenda bwino kuposa waufupi uja. Kuika mtsamiro kunsi kwa bondo pogona kumaoneka ngati cifundo, koma kumalizoloweza kukhala lopindika.

Mphika wa panyumba

Thupi limene likumanga masentimita 5 a fupa latsopano lifunika zomangira. Zazikulu ndi zakudya zomanga thupi, mcere wa m'mafupa wochedwa kashiamu, ndi mavitamini D ndi C. Nsima yokha ndi supu imadzaza mimba koma simanga fupa.

Mwana wa zaka 9 mpaka 18 afunika mamiligalamu pafupi-fupi 1,300 a kashiamu patsiku, ndipo wamkulu 1,000. Kapu imodzi ya mkaka ili ndi pafupi-fupi 300. Ndi mabanja ocepa amene angagulire mwana mmodzi makapu anayi a mkaka tsiku lililonse, koma pa Soweto Market ndi pamisika ya m'makomboni pali thandizo lochipa. Kapenta, wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, amadyedwa ndi minga yake yomwe, motero amapereka kashiamu ndi zomanga thupi nthawi imodzi. Bondwe, cibwabwa, repu ndi kalembula zotendera nshawa, nyemba, soya, mazira, mabisi ndi vinkubala ndi zakudya zabwino kwa wodwala wotere. Magwafa, malalanje, mango, tomato ndi malambe, amene m'tauni amachedwa mabuyu, zimapereka vitamini C.

Vitamini D thupi limapanga lokha likaombedwa ndi dzuwa. Dziko lino dzuwa silisowa, koma wodwala amene amabisidwa m'cipinda miyezi isanu poopa maso a anthu angaperewere. Kukhala panja kwa kanthawi tsiku lililonse kumakwanira kwa ambiri. Dotolo akaona kuti pali kuperewera amalemba mapilisi, ndipo amenewo ndi oyenera kumwa.

M'nyumba zambiri ndiwo yabwino imayamba kupita m'mbale ya atate. Pa miyezi imeneyi dzira kapena kapenta woyamba apite kwa wa citsulo. Ululu ndi mankhwala zimathetsa cilakolako ca cakudya, motero ndi bwino kum'patsa pang'ono-pang'ono kangapo patsiku, monga phala la nshawa m'mawa ndi munkoyo kapena mabisi masana.

Adani a fupa

Mdani wamkulu ndi fodya. Ululu wa mu fodya umafinya timitsempha ta magazi timene timadyetsa fupa latsopano. Osuta amacedwa kucira, ndipo mafupa ao amakana kugwirana kawiri-kawiri kuposa a osasuta. Nsunko ndi fodya wosuta ndi makina a nthunzi zili ndi ululu womwewo. Ngati wodwala ndi mwana, osuta a panyumba azisutira kutali.

Mowa, kaya kacasu, cibuku kapena wa m'botolo, umacedwetsa kumanga kwa fupa ndipo umagwetsa munthu woyenda ndi ndodo.

Mdani wina amabisala pa kantemba. Mapilisi a ululu monga Brufen, diclofenac ndi Indocid amacepetsa kutupa, koma kutupa kwa pang'ono ndi mbali ya mmene fupa limayambira kucira. Cifukwa ca ici madotolo ambiri a mafupa safuna kuti wodwala wotalikitsidwa mwendo azimwa mapilisi amenewa kwa nthawi yaitali. Panado ndi mankhwala ena amene acipatala alemba ndiwo oyenera. Mankhwala aliwonse atsopano ayambe afunsidwa.

Matenda a shuga osasamalidwa amacedwetsa zilonda ndi mafupa omwe. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB kapena amene ali ndi sickle cell auze dotolo wa mafupa poyambirira, ndipo asaleke mankhwala ao. Malungo ndi kutsegula m'mimba zimafooketsa thupi, motero neti ya udzudzu ndi madzi akumwa othira klorini ndi mbali ya cisamaliro comweci.

Ogulitsa ciyembekezo

Pamitengo ya magetsi ya m'tauni sipasowa timapepala ta asing'anga olonjeza kuciza ciliconse, ndipo m'masitolo a ku Kabulonga ndi Woodlands muli mabotolo okongola olembedwa kuti amalimbitsa mafupa. Banja lotopa ndi kudikira limakopeka msanga. Kwa munthu amene akudya bwino ndipo alibe coperewera m'thupi, mapilisi oonjezera safupikitsa masiku a citsulo. Ngakhale makina amakono sacita zozizwitsa. Kafukufuku wa ku Canada ndi America wofalitsidwa mu 2016, pa odwala 501 othyoka msongolo amene anaikidwa msomali, anapeza kuti kamakina kotumiza mafunde m'fupa sikanawacizitse msanga kuposa anzao amene anapatsidwa kamakina kosagwira nchito. Ndalama yogulira zotere ingacite zambiri itagula kapenta, mazira ndi kulipira galimoto yopita kucipatala.

Zizindikiro zosadikira tsiku la dotolo

Wodwala apite kucipatala tsiku lomwelo ngati pa waya pafiira, patupa, pakutuluka mafinya kapena thupi latentha. Cimodzi-modzi ngati phazi lacita dzanzi, likubaya-baya ngati singano, lazizira, lasintha mtundu, kapena sakutha kukweza zala. Apitenso ngati wagwa, ngati waya waduka kapena kukhwefuka, ngati nati yakana kuzungulira, kapena ululu wakula mwadzidzidzi. Kutupa kwa mwendo wonse pamodzi ndi kupweteka m'cifuwa kapena kubanika ndi ngozi yaikulu, cifukwa cingakhale magazi oundana, ndipo pamenepo ngakhale usiku si wodikira kuca.

Maulendo, sukulu ndi mtima

Amene amakhala ku Chelstone kapena kutali ndi cipatala akonzeretu ndalama ya maulendo a miyezi yonse. M'minibasi yodzaza ya pa Kulima Tower kapena City Market citsulo cimagundidwa mosavuta, motero ndi bwino kupewa maola a m'mawa ndi a madzulo, ndi kupempha kondakitala mpando wa kutsogolo kapena wa pakhomo. Wacibale wocokera ku Katete, Petauke kapena Chipata amene wabwera kudzacitidwa opaleshoni afunika malo okhala mu Lusaka kwa nthawi yaitali, ndipo acibale onse agwirizane za cakudya cake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mwana wa citsulo angabwerere kusukulu dotolo akalola. Makolo akambirane ndi aphunzitsi za pokhala pake, za cimbudzi ndi za anzake omuseka. Kusowa tulo, kukwiya ndi kulira popanda cifukwa zimacitika kwa ambiri, maka-maka pakati pa ulendo pamene kukoka kwatha koma mapeto sakuoneka. Anzake a kusukulu ndi a kuchalichi akamabwera kudzaceza, mwana amadya bwino ndipo amalimbikira maseŵera.

Citsulo cikacoka

Dotolo amacotsa citsulo X-ray ikaonetsa kuti fupa latsopano lakhwima mbali zake. Kum'kakamiza kuti acotse msanga cifukwa ca ukwati, mayeso kapena Khirisimasi ndiko kuika pangozi nchito ya miyezi yonse, pakuti fupa lanthete limapindika kapena kuthyoka. Ngakhale citacoka panthawi yake, masabata oyamba ndi oopsa. Ena amavekedwa cikhakha ca pulasitala kapena cocirikiza mwendo, ndipo mpira, kulumpha ndi kukwera mitengo zimadikira miyezi ina mpaka dotolo atavomera. Mwana amene akali kukula amapitiriza kupimidwa caka ndi caka, cifukwa kusiyana kungabwerenso.

Kofunsa

Poyambira ndi pa kiliniki yapafupi, monga ya Kabwata kapena ya Chelstone, kapena cipatala ca Chilenje, kumene amalemba kalata yotumiza kwa madotolo a mafupa. Madotolowa amapezeka ku University Teaching Hospital, ku Levy Mwanawasa pa Great East Road cimene cinatsegulidwa mu 2011, ndi ku St John Paul II ku Longacres, cimene ambiri akali kucichula kuti cipatala ca Italian. Beit CURE pa Great North Road, cimene cinayamba nchito mu 2006, cimacita maopaleshoni a mafupa a ana popanda kulipiritsa makolo. Amene ali ndi khadi la NHIMA afunsiretu zimene khadilo limalipira. Madotolo ndiwo adzanena ngati mwendo ufunika nsapato yokweza, opaleshoni yaing'ono kapena kutalikitsa, ndiponso kumene zimenezo zingacitikire.

Mwana wotsimphina apite akali wamng'ono, cifukwa njira zothandizira zimakhala zambiri mafupa asanaleke kukula. Ndipo kwa banja limene lili kale ndi citsulo m'nyumba, nchito ya mawa ndi yomweyo ya lero: kuzunguza nati panthawi yake, kutsuka mawaya, kuyenda, kufunyulula bondo ndi kudya bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.